Belu la pa Chala cha Ababa

Ababa anali telala pakhonde la sitolo ina ku Namadzi, ndipo pakamwa pawo sipankatsekeka. Ankasoka akulankhula, ankayeza munthu m'chiuno akulankhula, ngakhale atalumira mapini pamilomo ankapezabe kampata kotulutsira nkhani. Munthu wobweretsa buluku loti alipinde miyendo ankachokapo atamva za feteleza, za amene wathawa ukwati, ndiponso chifukwa chake buluku lakelo linasokedwa mwaumbuli. Ndiye sitiroko itawagwetsa pampando tsiku lina la msika, n'kuwalanda manja, miyendo ndi mawu omwe, kunyumba kwathu kunangoti zii, ngati kalasi imene mwalowa ahedi.

Zinali zaka zija mafoni a m'manja atangofika kumene kwathu, pamene munthu ankakwera pachulu kuti amveke. Ine ndinali mayi wa ana awiri, ndikuphunzitsa Sitandade 4 pasukulu ya pafupi ndi mudzi wathu, ndipo ndinkadziona kuti wophunzira pabanja lonse ndine ndekha. Ndanena zimenezi poyambirira kuti zikubwerazi muzimvetse bwino.

Ababa anagona milungu ingapo kuchipatala cha mishoni. Kumva ankamva zonse, maso ankatsata munthu, phala lamadzimadzi ankameza. Koma chiwalo chimene chinatsala chikuwamvera chinali chimodzi chokha, chala chachikulu cha kuphazi lamanja, phazi limene linapalasa makina osokera kuyambira ine ndisanabadwe. Thupi lonse linali litatula pansi udindo, chala chokhacho n'chimene chinakana kupuma pantchito.

Chotisowetsa mtendere kwambiri sichinali matendawo, chinali azakhali. Ababa anali mkamwini. Kwawo kunali cha ku Milepa, ndipo atakwatira anabwera kudzamanga pamudzi pa amayi monga zimakhalira kwathu kuno. Koma mkamwini, ngakhale abzale mtengo wa mango mpaka adzukulu aziukwera, amakhalabe wa eni ake. Akadwala mwakayakaya abale ake amabwera kudzamutenga, kuti akadwalire m'manja mwawo, ndipo ngati chinthu chingachitike chichitikire kwawo. Woyendetsa zimenezi kubanja la ababa anali achemwali awo aakulu, mayi wamfupi woyenda ndi ambulera kaya kuli dzuwa kaya mitambo. Ntchito yeniyeni ya ambulerayo inali kulozera anthu.

"Alamu," anawauza amayi tili m'wodi momwemo, "akatuluka muno atsikira kwathu."

Amayi anangowerama n'kumakonza m'mphepete mwa bulangeti. Ine ndiye ndinalephera kudzigwira.

"Azakhali, ababa mutu wawo uli bwinobwino. Anene okha kumene akufuna kukhala."

"Anene ndi chiyani, ndi khutu?"

"Anena basi."

Ambulera inandiloza pamphuno. "Chabwino, aphunzitsi. Ndikupatsa mpaka nandolo aume. Ndikabwera, achimwene akanena okha kuti sakufuna, ndibwerera chimanjamanja. Akapanda kukana ndinyamula m'bale wanga, ndipo pasadzakhale wondigwira chitenje."

Ndinavomera mwamphamvu, ndisakudziwa n'komwe kuti munthu wopanda mawu adzakana bwanji.

Nzeru ndinaitola kwa adokotala amene ankaona ababa, bambo wokonda kuwerenga magazini akunja amene masisitere ankasiya pawindo. Tsiku lotuluka anandiimitsa pakhonde la chipatala, ine ndili ndi beseni ndi mtolo wa mabulangeti.

"Mukudziwa aphunzitsi, kunjaku anzathu ayamba kupanga makina othandiza anthu ngati bambo anuwa. Amamuika munthu timawaya kumutu, iye akaganiza, kompyuta n'kuonetsa chimene akufuna."

"Ndiye tikaime pamzere uti?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Musathamange, sanafike n'komwe ku Blantyre. Ndiponso ngovuta. Ubongo wa lero si wa dzulo, ndiye makinawo amathawa siteshoni ngati wailesi yakale. M'mawa uliwonse amayamba awatchuna kaye. Amamufunsa wodwalayo zinthu zimene yankho lake akulidziwa kale, mpaka makinawo azolowere mmene mutuwo ukulankhulira tsiku limenelo. Koma pofika masana, munthu uja akatopa, amasocheranso. Chimene akatswiri akulimbana nacho panopa n'choti makinawo azidzitchuna okha ntchito ili m'kati, osadikira munthu."

Pa zonsezi ine ndinatolapo ziwiri, makina ndi mafunso a m'mawa. Za masanazo ndinazisiya pakhonde pomwepo.

Titafika kunyumba ndinapanga makina anga. Mlongo wanga, bambo wa ana atatu amene ankapalasa njinga ya kabaza pakati pa Namadzi ndi midzi yathu, anandipatsa belu lakale la njinga. Ndinalikhomera kumiyendo kwa bedi, n'kumanga ulusi wosokera matumba kuchokera pakachitsulo kolizira kaja kufika pachala cha ababa. Lamulo linali losavuta: kuliza kamodzi ndi inde, kawiri ndi ayi. Ndinawafotokozera ababa katatu, mokuwa, ngati kuti matenda anawalandanso Chinyanja.

Tsopano panafunika funso loti yankho lake tonse tikulidziwa. Panja mbuzi inalira, ndiye ndinangotola pomwepo.

"Ababa, kodi inu ndinu mbuzi?"

Chala chinagwedera, chinapinda. Ngiri. Tinadikira osapuma n'komwe. Ngiri!

Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira, chimwemwe ndi chisoni zitasakanikirana. Munthu wakhala chete miyezi iwiri, mawu ake oyamba n'kukhala okana umbuzi. Mlongo wanga anathamangira kumsewu kukauza aliyense wodutsa, ndipo pofika madzulo mudzi wonse unkadziwa kuti atelala si mbuzi, anena okha.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkawatchuna ababa. Ndinkadziuza kuti ndikutsata mapazi awo, chifukwa iwonso ali bwino sankakhudza nsalu ya munthu asanayese makina pakachigamba, kukunga apa, kukhwefula apo, mpaka msoko uwongoke. Chimene ndinaiwala n'choti akatha kuyesako sankatseka makutu. Tsiku lonse ankasoka akumvetsera kulira kwa makina, dzanja n'kumapita lokha pakasikuluwu kokungira ulusi nkhani ili m'kamwa. Ine ndinatengera zakachigamba zokha.

Ndinkayamba ndi ulusi. Nthawi ya chiperoni, kamvula kozizira kaja kakamawaza sabata yathunthu phiri osaoneka, tsiku lina ndinkaupeza utakhwepa, tsiku lina utakungika moti belu linkalira ababa akangoyetsemula. Ndikaukonza ndinkafunsa mafunso khumi, n'kumachonga m'kope ndi bolopeni yofiira. Inde, ndinkachonga bambo anga ondibala. Masiku ambiri ankakhoza onse.

Koma kupeza mafunso khumi odziwika yankho tsiku ndi tsiku si masewera. Nditafunsa ngati tsikulo linali Lachitatu, belu linakhala chete, ndipo maso a ababa anandiuza kuti munthu wogona chagada sasunga kalendala. Nditafunsa ngati ine ndine mwana wawo, anatenga nthawi yaitali kwambiri asanalize kamodzi, mlongo wanga n'kunena kuti amayamba awerengera kaye miyezi. Tsiku lina mafunso atandithera ndinati, "Kodi therere la amayi mumalikonda?" Ngiri, ngiri, mwachangu ndithu, ngati kuti funso limeneli analidikira moyo wawo wonse. Amayi anali ataima pakhomo ndi beseni la madzi.

"Chikugwira ntchito chinthu chakocho," anatero. "Ine ndinadziwa chaka choyamba cha ukwati. Ndimaphikabe poti ndimalikonda ndine."

Nditaona kuti zikuyenda ndinakula mtima. Loweruka lina ndinabweretsa tchati cha zilembo cha m'kalasi mwanga n'kuchipachika pamsomali wa neti. Ndinati ndiziloza chilembo chimodzichimodzi, ndikafika choyenera ababa alize, mpaka tipange mawu athunthu. Tinayamba dzuwa likutuluka. Ndinaloza, analiza, ndinalemba, tinabwerera ku A. Phala linazizira, amayi analitenthetsa, linaziziranso. Patatha nthawi yoti munthu akanafika ku Namadzi wapansi, m'kope munatuluka mawu amodzi: ndatopa. Ndinasangalala kwambiri moti ndinathamanga nalo kopelo kukaonetsa aneba. Zoti mawuwo akunena chinachake chokhudza ine ndi belu langa sizinandifike m'mutu.

Mbiri ya belu inafalikira. Anthu ankabwera masana akaweruka kumunda, ine ndili kusukulu kapena ndikuchonga makope a ana kunyumba kwanga. Ndipo apa panaoneka chodabwitsa: ababa anasanduka munthu wopatsa. Bambo amene ali bwino sankabwereketsa ngakhale singano yothyoka, tsopano ankavomera chilichonse. Aneba anapempha sizasi yaikulu yodulira nsalu, ngiri. Azimayi a kutchalitchi ataimba nyimbo zisanu anafunsa ngati awonjezere zina zisanu, ngiri. Bambo wina woyenda ndi mizu m'mabotolo anafunsa ngati ababa angalaweko, ngiri, ngakhale ameneyo amayi anamutulutsa ndi tsache. Mlongo wanga anapempha jekete la ukwati limene ababa ankalisunga m'pulasitiki, ngiri. Anthu ankati matenda awafewetsa mtima, ndipo ine ndinakafotokoza zimenezi kwa aphunzitsi anzanga nthawi ya buleki, misozi ili m'maso.

Zoona zake zinali zoti chala chinkatopa. M'mawa chinkakoka kawiri bwinobwino. Pofika masana chinkakoka kamodzi, kachiwiriko n'kufera m'njira. Ababa ankakana ndi mtima wawo wonse, belu n'kumagawa katundu wawo. Ine mwini makina sindinazindikire, chifukwa m'kope mwanga munali khumi pa khumi tsiku ndi tsiku.

Amayi belu sankaligwiritsa ntchito, ndipo zimenezi zinkandipsetsa mtima. Iwo sankafunsa mafunso n'komwe. Ankangolowa n'kumalankhula zawo akugwira ntchito, za nkhuku imene yasowa, za mwana wa uje amene wabwerako kutauni ndi mimba. Ankafikitsa supuni pakamwa pa ababa, n'kuima pang'ono, n'kubwerera kukathira shuga. Ankayamba kuwatembenuzira kukhoma, n'kusiyira pakati, n'kuwatembenuzira kuwindo. Powasambitsa ankamasula ulusi wanga n'kuiwala dala kuumanganso.

"Amayi, muziwafunsa kaye. Belu lilipo."

"Belulo ndi lako."

"Koma mukungoganizira! Zimenezo si sayansi."

"Uchedwa kusukulu," ankatero, n'kundipatsira mbale kuti nditsuke popita.

Ndinkachoka ndikung'ung'udza, ndikuwamvera chisoni amayi anga osaphunzira. Njira ya kusukulu inkadutsa m'munda mwawo, ndipo ndinkayang'ana nandolo tsiku lililonse. Anachita maluwa, anabereka, makoko anayamba kusintha mtundu. Sindinkaopa. Ndinkachita kulakalaka tsikulo, kuti azakhali adzamve ndi makutu awo belu likulira kawiri.

Azakhali anafika tsiku Loweruka dzuwa litangopendeka, kunja kukutentha moti nkhuku zinali zitabisala pansi pa nkhokwe kukamwa kuli yasa. Anabwera ndi amuna awiri a kubanja kwawo ndiponso pikapu ya matola imene anapangana nayo. Inaima pansi pa mango, matiresi atayalidwa kale kumbuyo. Amayi ataona matiresiwo analowa m'khitchini n'kukhalamo kanthawi. Ine ndinawalandira alendo ndikumwetulira, chifukwa m'mawa umenewo ababa anali atakhoza mafunso onse.

Titatha malonje tinadzazana kuchipinda. Mlongo wanga anaima pakhomo atavala jekete lija, thukuta lili chuchuchu. Ndinawafotokozera alendo za makina anga, za kamodzi ndi kawiri, ndinatchulanso makompyuta a kunja ndi timawaya ta kumutu kuti adziwe kuti sitikusewera. Ndinawaonetsa kope. Azakhali analikankhira kumbali ndi ambulera, n'kugwada pafupi ndi bedi.

"Achimwene, ndine. Ndabwera kudzakutengani. Tizipita kwathu?"

Ngiri.

Ndinadikira kachiwiri. Ndinaweramira belulo, mumtima ndikuti lira, chonde lira. Chala cha ababa chinanjenjemera pang'ono n'kugona.

"Kamodzi," anatero azakhali akudzuka. "Paja wati kamodzi ndi chiyani, aphunzitsi?"

Ndinagwira ulusi, unali bwino. Ndinagwira belu, linali bwino. Amuna aja anali atayamba kale kupinda manja a malaya. Ndipo pamenepo, mochedwa ndi miyezi yonse ija, mawu a adokotala anandipeza: pofika masana, munthu akatopa. Ndinakankha mlendo mmodzi n'kufuula ndi mawu anga a pa asembule.

"Ababa! Kodi inu ndinu mbuzi?"

Ngiri. Kamodzi, kenako zii.

"Mwamva?" ndinatero ndikudumpha. "Avomera! Avomera kuti ndi mbuzi!"

"Mwana iwe," anatero azakhali, "ukutukwana bambo ako pamaso panga, ndiye ukuvinanso?"

Zinanditengera nthawi kuti ndifotokoze, ambulera ili m'mwamba. Ndinati masana chala chimatopa, chimalephera kukoka kachiwiri, ndiye ayi aliyense amamveka ngati inde. Ndikulankhula choncho ndinaona pakhomo payera, mlongo wanga anali atazemba ndi jekete lomwe. Azakhali sanandikhulupirire mpaka atayesa okha.

"Achimwene, kodi ine ndine mzungu?"

Ngiri.

"Kodi munabadwira m'sitima?"

Ngiri.

Mmodzi wa amuna aja anatuluka kukasekera panja. Azakhali anakhala pamkeka n'kuwongola miyendo.

"Ndiye chinthu chakochi n'chabodza."

"Masana okha, azakhali. Tidikire mawa m'mawa."

"Galimoto ija si ya amalume ako, sigona kuno. Tinapangana kuti akakana ndiwasiya. Akana?"

Miyezi yonse ija ndinkakonza chida choti ababa adzakanire tsiku limeneli, ndipo chinali chitangovomera kumene kuti azakhali ndi mzungu. Ndinachita manyazi, koma choposa manyazi chinali mantha, oti bambo anga anyamulidwa ngati thumba la chimanga chifukwa cha matama anga.

Nthawi yonseyi amayi anali atakhala kumutu kwa bedi. Anadzuka, anamasula ulusi pachala, n'kuyamba kuchisisita chalacho ndi mafuta.

"Chisiyeni chipume. Ayi wawo anachoka kuchalaku kalekale."

"Anapita kuti?" anafunsa azakhali.

"Amasamuka. Kuchipatala kuja analidi kuchala. Nthawi ya chiperoni anabwera pamphuno, akafuna kukana ankagwira mpweya. Kenako anakhala masabata awiri pachikope ichi. Masiku ano amameza malovu n'kuyang'ana kudenga. Zili ngati nkhuku yosinthasintha poikira, alamu. Ukamaitsata tsiku lililonse mazira sutaya."

"Nanga mumawafunsa mafunso anji kuti mudziwe?" ndinafunsa ine, mawu atachepa.

"Mafunso a chiyani? Ndikabweretsa phala lopanda shuga ndimadziwa kale kuti akana, ndiye ndimangoona kuti kukanako kwatulukira pati. Ndikawatembenuzira kukhoma safuna. Ndikatchula telala mnzawo uja wa pafupi ndi siteji ya minibasi safuna. Tsiku lonse pamakhala zokana, mwana wanga. Iwe umabwera kamodzi m'mawa."

Ndinaganiza za akatswiri a kunja aja, akuvutika ndi makina oti azidzitchuna okha ntchito ili m'kati. Chinthu chimenecho chinali m'nyumba mwathu miyezi yonseyi chitamanga chitenje chakumunda, ine n'kumachiuza kuti si sayansi.

Koma azakhali sankanamizika wamba.

"Alamu, musandione ngati mwana. Nkhaniyi mwini wake ndinu. Mukhoza kumuyang'ana m'bale wangayu n'kunena chilichonse chimene mtima wanu ukufuna."

"Funsani zakwanu," anatero amayi, "zimene ine sindikuzidziwa."

Azakhali anaganiza kaye. "Achimwene, galu wathu uja tili ana, anali wakuda?"

Amayi anayang'ana nkhope ya ababa. Ine ndinayang'ananso, koma sindinaone kanthu.

"Akuti ayi."

"Anali wofiira," anavomera azakhali monyinyirika. "Nanga mtsuko wa amayi uja munaswa ndinu?"

"Akuti ayi. Ndipo akana mwamphamvu."

Azakhali anatsokomola. "Ndinaswa ndine, wokwapulidwa anali iwowa." Kenako maso awo anawala mwachiwembu. "Nanga mtsikana uja wa kutsidya kwa mtsinje, wa kampata m'mano uja, munamufunsira musanakumane ndi alamuwa?"

Amayi anayang'ana nthawi yaitali kuposa poyamba paja.

"Akuti inde," anatero. "Ndipo nkhani imeneyo tikambirana alendo akapita."

Tonse tinaseka, azakhali omwe, ndipo pakhosi pa ababa panatuluka kaphokoso kamene sindinakamvepo chidwalireni, kamene ndikukhulupirira kuti kanali kuseka. Mtima wanga unakhala pansi. Tinali titapeza womasulira amene azakhali amukhulupirira, ndipo womasulirayo anali wa mbali yathu. Ndinayamba kale kuganiza zokatunga thobwa loti alendo amwe pobwerera.

Azakhali anasendera pafupi, ambulera anaisiya pamkeka. Ulendo uno anafunsa motsitsa mawu, m'Chilomwe chimene ankalankhula ali ana, kenako anabwereza m'Chinyanja kuti tonse timve.

"Achimwene, mukufuna mupite kwathu?"

Amayi anayang'ana. Sanachedwe ngati pa nkhani ya mtsikana ija. Anangotenga nsonga ya chitenje n'kupukuta pakamwa pa ababa, pamene panalibe chopukuta.

"Akuti apita."

"Amayi, onaninso bwino!"

"Ndaona. Ndinaona kalekale, nthawi ya chiperoni. Munthu akangotchula Milepa nkhope yonse imavomera. Akufuna akaone pamene anagona amayi awo, akufuna azikamva chilankhulo chakwawo pakhomo. Ine ndinangokhala chete, poti panalibe wondifunsa."

Panalibedi. Ine m'mawa uliwonse, chala chili ndi mphamvu, ndinafunsa za mbuzi, za therere, za masiku a sabata, koma funso limeneli sindinalifunsepo ngakhale kamodzi. Ndinkadziuza kuti yankho ndikulidziwa. Lero ndikhoza kuvomera kuti ndinkaliopa.

Azakhali anali atapambana, koma nkhope yawo sinali ya munthu wopambana. Anawayang'ana amayi kwa nthawi ndithu.

"Alamu, mukanatha kundinamiza."

"Ndikanatha. Koma iwowa akumva."

"Ndiye ndiphunzitseni, poti tsopano wowasamala ndikhala ine. Mwati kumeza malovu ndi kuyang'ana kudenga?"

"Ameneyo ndi ayi wa sabata ino. Wa sabata yamawa sindikumudziwa."

Kwathu kuno mkazi sachoka pamudzi pake. Munda ndi wake, nkhokwe ndi yake, makolo ake anagona kuseri kwa nsungwi. Amayi anabadwira pamenepo, ndipo kupatula kuchipatala kuja anali asanagonepo kwina sabata yathunthu. Anawerama mpaka mphumi yawo inatsala pang'ono kukhudza ya ababa, n'kufunsa funso loyamba limene ndinawamva akuwafunsa chidwalireni.

"Nanga ine, nditsale?"

Tonse tinasuzumira. Ine ndinayang'ana pakhosi, pamphuno, pachikope, ngakhale kuchala, koma sindinagwire kanthu. Amayi anaweramuka n'kutuluka, ndipo posakhalitsa tinamva akugubuduza ziwiya m'khitchini.

Zotsalazo zinachitika mofulumira. Amuna aja ananyamula ababa pabulangeti, mlongo wanga anatulukira kuseri kwa nyumba ali ndi malaya okha n'kugwira kumiyendo. Amayi anakweza kapoto kawo ka phala, supuni imodzi ndi mtolo wa zovala, akundilangiza nthawi yomweyo kuti nandolo ndikolole asanathetheke, nkhuku yakuda ikuikira kuseri kwa bafa, mbuzi ndisamazimasule mame asanaume. Azakhali anawagwira dzanja pokwera kumbuyo kwa pikapu. Amayi anakhala pamatiresi n'kuika mutu wa ababa pamiyendo pawo. Azimayi a m'mudzi anaima m'mphepete mwa njira atagwira pakamwa, kuona mnzawo wa imvi akupita kukakhala kwa mwamuna ngati mtsikana wongokwatiwa kumene.

Dalaivala akuliza injini ndinagwira m'mbali mwa galimoto.

"Amayi, paja ayankha kuti chiyani?"

"Akuti inde, nditsale. Akundimvera chisoni msanawu."

"Nanga bwanji mwakwera?"

Amayi anakonza bulangeti pachifuwa pa ababa, osandiyang'ana.

"Kumeneko akakafuna kukana, akakanira ndani?"